Ulendo wathu wa ku Windermere: mainjini akale a maboti ndi njira imene utsi umatulukira

Gulu lathu la Amalawi okhala ku Glasgow ndi madera oyandikana nawo amene timadya thukuta la manja athu, amakaniko, owotcherera zitsulo ndi oyendetsa magalimoto akuluakulu, linagwirizana kuti ulendo wa chaka chino ukhale wokaona maboti akale ku Windermere, m'chigawo cha Lake District kumpoto kwa England. Inu amene munatsalira chifukwa cha ntchito munapempha kuti wina alembe zimene tinaona, ndipo udindowo unagwera ine. Ndineneretu kuti ndikhalitsa pa nkhani ya ekizozi. Anzanga ena anatengeka ndi matabwa onyezimira ndi mkuwa wopukutidwa bwino, koma ine chimene chinandigwira mtima ndi paipi yakuda ija imene aliyense amangoidutsa osaiyang'ana.

Tinanyamuka m'bandakucha pa minibasi yobwereka, kutsata msewu wa M74, kufika ku Gretna, kenako M6 kudutsa Carlisle. Mvula inatiperekeza mpaka cha ku Kendal. Za panjira ndi zomwezo.

Nyanja ya Windermere ndiyo yaikulu mwa nyanja zachilengedwe za ku England, koma kutalika kwake sikufika makilomita 20. Kwa munthu amene anakulira ku Monkey Bay kapena ku Nkhata Bay, n'kanyanja ndithu. Chonsecho anthu a kumeneko asunga mbiri ya maboti awo mwa njira imene inatichititsa kaduka. Malo osungira maboti akalewa amatchedwa Windermere Jetty Museum, pafupi ndi Bowness, ndipo anatsegulidwa mu 2019 pamalo pamene kale panali nyumba ina yosungira maboti a nthunzi imene George Pattinson anayambitsa mu 1977.

Boti limene onse tinaunjikana kuliona ndi Dolly, la cha m'ma 1850. Linamira m'nyanja ya Ullswater m'chisanu choopsa cha 1895, n'kukhala pansi pamadzi mpaka 1962 pamene analivuula. Atalikonza, injini yake ya nthunzi inayendanso. Tangoganizani, zaka zoposa 60 m'matope. Kulinso Branksome la 1896, la matabwa a teak, lokhala ndi ketulo ya mkuwa imene imawiritsa madzi a tiyi m'kamphindi chabe pogwiritsa ntchito nthunzi yochokera m'boyila. Amayi amene tinali nawo paulendowu, omwe ndi owotcherera odziwa ntchito yawo, anaima nthawi yaitali pa ketuloyo akuyang'ana mmene analumikizira mapaipi ake. M'gulu la maboti awo mulinso Esperance la 1869, limene linapangidwa ku Rutherglen, pakhomo pathu pomwe ku Glasgow, ndi Canfly la 1922 limene anaikamo injini ya Rolls-Royce yomwe poyamba inali ya zouluka. Chimene ndinakonda kuposa zonse n'chakuti malo okonzera maboti sanawabise. Mlendo amaona amisiri akupala thabwa, akumasula injini, akuyeza ndi kulemba chilichonse chimene achotsa.

Pakhonde la malowo, tikudya kamba wathu, nkhani inalowera kwathu, ndipo sizikanalephera. Ilala inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, n'kuyamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Sitima ya Chauncy Maples inapangidwa ndi kampani ya Alley & McLellan ku Polmadie, mu Glasgow momwemo, inanyamulidwa zidutswazidutswa, ndipo inalowa m'madzi mu 1901. Boyila yake inali yolemera moti anthu mazanamazana anachita kuikoka pamtunda. Poyamba inkayenda ndi nthunzi, nkhuni zikusonkhezeredwa, ndipo injini ya dizilo inaikidwa pambuyo pake m'zaka za m'ma 1960. Ntchito yoikonza kuti ikhale chipatala choyenda panyanja inayambika koma sinafike pamapeto. Achikulire a gulu lathu, amene unyamata wawo wonse anagwira ntchito m'mainjini a sitima ku Monkey Bay, anangoti: “Ana anga, sitima zathu zinabadwira kumene tikukhala kuno, ndipo ambiri a inu mumadutsa pa Polmadie osadziwa.” Tinakhala chete ndithu.

Masana tinapita kumene ine ndimati ndiko kunali mutu wa ulendo. Mnzathu wina amadziwana ndi bambo wina wachikulire amene ali ndi kashedi kokonzera mainjini akale a maboti, kutali pang'ono ndi nyanjayo. Anatilandira bwino, n'kutilola kugwira chilichonse. Munali mainjini awa: Kelvin ya masilinda awiri, Gardner imodzi, ti Stuart Turner tingapo ndi Lister. Lister tonse tinaizindikira msanga, popeza ndani wa ife sanaimve ikugunda pachigayo? Kelvin ndi ya ku Glasgow, ya kampani imene Walter Bergius anayambitsa mu 1904, poyamba n'cholinga chopanga magalimoto. Ya mtundu wa K, imene inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, imalizidwa ndi petulo, ndipo ikatentha mumaitembenuzira ku dizilo. Bamboyo anatilizira. Imagunda mwaulemu, pang'onopang'ono, moti ukhoza kuwerenga kugunda kwake. Gardner ndi ya ku Patricroft, kufupi ndi Manchester, pamene Stuart Turner ndi ya ku Henley-on-Thames, kainjini ka petulo ka maboti ang'onoang'ono.

Atazimitsa Kelvin anatitengera kuseri, kumene anaunjika zitsulo zadzimbiri. Anatiuza kuti mainjini amenewa kawirikawiri safa chifukwa cha mapisitoni kapena kilankishafuti. Zimenezo zinapangidwa zonenepa ndipo zimazungulira pang'onopang'ono, choncho zimakhalitsa. Chimene chimapha injini ya boti ndi mbali yotulukira utsi.

Pano ndifotokoze bwino, chifukwa ambiri a ife tinazolowera magalimoto. Pagalimoto paipi ya ekizozi imapachikidwa kunsi, mphepo ikuiziziritsa. M'boti paipiyo imadutsa m'kati, pafupi ndi matabwa, mafuta ndi anthu. Njira zilipo ziwiri. Ina ndi youma: paipi yachitsulo yokulungidwa ndi zotchinga kutentha, yokwera m'mwamba. Ina ndi yonyowa, imene ili m'maboti ang'onoang'ono ambiri. Pampu imakoka madzi a m'nyanja, madziwo amaziziritsa injini, amazungulira m'chikuta cha manifold (chitsulo chimene chimasonkhanitsa utsi wochokera m'masilinda), kenako amathiridwa mu utsi pa chigongono cha paipi chimene amachitcha elbow. Kuchokera pamenepo utsi ndi madzi zimayendera limodzi m'paipi ya labala mpaka kutulukira kumbuyo kwa boti. Utsi umazizira, phokoso limachepa. Ndi nzeru yabwino, koma pa chigongono pamenepo pamakumana moto, madzi ndi mwaye. Sulfure wa m'mafuta akasakanikirana ndi madzi amapanga asidi, ndipo asidiyo amadya chitsulo kuyambira m'kati. Kunja penti ili bwinobwino, m'kati mwatsala chikhungwa. Bamboyo anatipatsa chigongono chimodzi chimene anachidula pakati ndi sowo. Bowo la utsi linali litatsekeka ndi mwaye ndi dzimbiri mpaka chala changa chaching'ono sichinalowe, ndipo khoma lolekanitsa madzi ndi utsi linali litabooka.

Khomalo likabooka, madzi amabwerera m'mbuyo, kudutsa pa valavu ya ekizozi n'kulowa m'silinda. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Mukaliza injini ili choncho, pisitoni imagunda madziwo ndipo ndodo yake imapindika. Ngakhale popanda kubooka, madzi akhoza kubwerera ngati injini yakhala m'munsi mwa mlingo wa nyanja ndipo paipi ya madzi sinakwezedwe m'mwamba ndi kavalavu kolowetsa mpweya. Akhozanso kubwerera mukamapukusa sitata nthawi yaitali injini isakulira, chifukwa pampu ikupitiriza kuthira madzi pamene palibe utsi wowakankhira kunja. Ichi ndi chimene ndikufuna abale athu a kunyanja amene ali ndi mainjini a m'kati mwa boti amve: injini ikakana kulira, tsekani kaye mpopi wolowetsa madzi, mudzautsegule ikangolira. Kuno kulinso mdani wina amene kwathu kulibe. Madzi akatsalira m'manifold nyengo yachisanu amaundana, amafufuma, n'kung'amba chitsulo. Kwathu tili ndi mwayi pawiri, chisanu chotere kulibe ndipo madzi a nyanja yathu alibe mchere. Koma asidi wa mu utsi alipo chimodzimodzi.

Nanga manifold ya injini imene anasiya kupanga kalekale mungaipeze kuti? Apa ndi pamene luso la bamboyo linaonekera. Ngati mng'alu uli waung'ono, amausoka osagwiritsa ntchito moto: amaboola timabowo motsatira mng'aluwo n'kukhomamo timakiyi ndi tizikhomo tachitsulo tolumana. Anatikumbutsa zimene owotcherera athu akudziwa kale, kuti chitsulo choumba chimene chapsa ndi utsi zaka zambiri sichimva kuwotcherera. Chimang'ambikanso pambali pa pamene mwawotcherera pokhapokha mutachitenthetsa chonse n'kuchiziziritsa pang'onopang'ono. Ikakhala yoti singapulumuke, amaumbitsa ina. Amasema chifanizo chake pa thabwa, amachidinda mumchenga kuti papangike chikombole, monga timachitira poumba njerwa, kenako kung'anjo amathiramo chitsulo chosungunuka. Chovuta chili pawiri. Chitsulo chikamazizira chimafota pafupifupi gawo limodzi pa 100 alionse, choncho mukadinda chikombole ndi manifold yakaleyo, yatsopano ituluka yaing'ono ndipo mabowo a mabawuti sakumana. Chifanizo chiyenera kukula pang'ono. Chachiwiri ndi njira za madzi za m'kati, zimene zimafuna timitima ta mchenga toumbidwa patokha. Kuti adziwe mmene njirazo zikuyendera, amadula manifold yakufayo. Ndiye chifukwa chake mulu wa dzimbiri uja sautaya. Chidutswa chilichonse anachimangirira kapepala kolembapo mtundu wa injini.

Pali zina ziwiri zimene anatichenjeza. Mabawuti a mainjini amenewa ndi a mazinga a Whitworth, muyezo umene Joseph Whitworth anakhazikitsa mu 1841, ndipo mano ake anapendekeka madigiri 55 pamene a metric ndi 60. Bawuti ya masiku ano imayamba kulowa ngati ikugwirizana, kenako imaononga mazinga. China ndi nsalu yoyera yokulunga mapaipi akale ndi magasiketi ena, zimene kawirikawiri zimakhala za asbestos. Ku Britain analetseratu asbestos mu 1999 chifukwa fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo amene amaonekera patapita zaka zambiri. Musamaipale kapena kuikung'untha.

Kenako anatchula ngozi imene inachitika pa Windermere pomwepo mu Epulo 2013. Mayi ndi mwana wake wamkazi anamwalira atagona m'boti lotchedwa Arniston. Bungwe lofufuza ngozi za pamadzi la MAIB linapeza kuti m'chipinda cha injini munaikidwa jenereta yonyamula pamanja, yokhala ndi ekizozi yongolumikiza, ndipo polumikizira panamasuka chifukwa cha kutentha. Mpweya wa carbon monoxide unadzaza m'chipinda chogona, pamene zipangizo zochenjeza sizinkagwira ntchito. Mpweya umenewu ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amangomva mutu ndi tulo. Nkhaniyi inandilasa mtima, chifukwa ife amakaniko a kwathu timanyadira luso lolumikiza chilichonse ndi chimene chilipo, ndipo lusolo ndi lenileni, latisunga. Koma pa ekizozi ya m'malo otsekeka pamene pagona anthu, kungolumikiza sikokwanira.

Pobwerera m'minibasi munabuka mtsutso. Achimwene ena, amene amakonza malole, anati zonsezi ndi masewera a anthu a ndalama. Iwo anati boti likufuna kugwira ntchito, ndiye chotsani Kelvin, ikanimo injini yatsopano, manifold muwotcherere ya stainless basi. Ena anati boti lakale lopanda injini yake lataya mtima wake. Ine ndili pakati, koma osati chifukwa choopa kusankha. Msodzi wa ku Mangochi amene boti lake la matabwa ndilo likudyetsa banja sangadikire miyezi kuti wina aseme chifanizo, ndipo palibe angamudzudzule akaika chimene chapezeka, bola chikhale cholimba ndi chosatulutsa utsi m'kati. Pamenepo achimwenewo akunena zoona. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa kutaya. Injini yakale ikachotsedwa kwathu imapita kwa ogula zitsulo pa kilo, pamodzi ndi kachitsulo kolembapo nambala yake, ndipo palibe amajambula kapena kuyeza. Amisiri oumba tili nawo, amene amaumba miphika ndi ziwiya zina, ndipo akalipentala osema bwino ndi osawerengeka. Chimene chikusowa ndi chitsanzo choti aonerepo ndi miyezo yolembedwa. Dolly inayendanso chifukwa panali munthu amene sanaione ngati chitsulo chogulitsa.

Tisanafike ku Gretna tinali titagwirizana zochita. Aliyense amene ali ndi m'bale kapena mnzake wogwira ntchito m'maboti ku Monkey Bay, Mangochi, Chipoka, Nkhata Bay kapena Likoma amupemphe kuti ajambule injini iliyonse yakale imene akuidziwa, makamaka kachitsulo ka nambala ndi manifold, atitumizire pa WhatsApp. Achikulire aja avomera kuzindikira mitundu yake ndi kulemba m'kabuku. Tinagwirizananso kusonkha ndalama zogulira tizipangizo tochenjeza za carbon monoxide, toyendera mabatire, kuti amene akupita kumudzi pa Khirisimasi akapereke kwa eni maboti okhala ndi zipinda. Msungichuma adzalengeza za chopereka pa msonkhano wa mwezi wamawa. Ulendo wotsatira tikufuna ukhale wa ku Scottish Maritime Museum ku Irvine, komwe n'kufupi ndipo sitima ya pamtunda imafika kuchokera ku Glasgow Central, choncho amene muli ndi ana mubwere nawo.