Apongozi, chaja ndi maseva anga

Chipinda cha alendo kunyumba kwathu ndi momwe mumakhala zidole zanga, madam ndi amene amazitchula choncho. Muli makompyuta awiri akale a Dell OptiPlex omwe ndinagula motchipa ofesi ina itasintha makina, onse ndinaikamo Proxmox. Kwa amene simuidziwa, Proxmox ndi pulogalamu ya anthu aku Austria, imakhala pamwamba pa Debian, ntchito yake ndi yoti mkati mwa kompyuta imodzi muzikhala timakompyuta tambirimbiri tonamizira tomwe timati ma VM. Ine ndinali ndi kena ka Windows koyeserera zakuntchito, kena kosunga zithunzi za banja, kena kolembamo manotsi ndi mapasiwedi anga onse, ndi kena ka Pi-hole kotchinga ma advert pa mafoni onse a mnyumba.

Chomwe chinkandinyasa nchoti VM iliyonse imakhala pa disiki ya kompyuta yomwe inabadwiramo, ndiye ukafuna kuthimitsa imodzi kuti uichotse fumbi, fumbi la ku Lilongwe mu Okutobala mukulidziwa, umayenera kukoka disiki yonse ya VM kudzera pa kebulo kupita ku inzake, kudikira mpaka kutopa. Mankhwala ake ndi kompyuta yachitatu yongosunga madisiki basi, NAS, kuti maseva, makompyuta awiri aja, aziwerenga pamalo amodzi. Ndinapeza OptiPlex ina, ndinaikamo madisiki awiri a 2TB oti chilichonse cholembedwa pa imodzi chizilembedwanso pa inzake, pamwamba pake TrueNAS, pulogalamu yoyendetsa NAS, ndi ZFS yake, dongosolo losungira mafayilo pa madisiki.

Panali kusankha pakati pa iSCSI ndi NFS, njira ziwiri zoti maseva azifikira madisiki a mu NAS. iSCSI imapatsa seva disiki yaiwisi, iwe uiikire LVM yoigawa zigawo pamwamba ndipo za ma snapshot, kujambula VM mmene ilili kuti udzabwererepo, zimakhala nkhani ina, pomwe NFS ndi foda chabe yogawana, mafayilo a ma VM ukuwaona ndi maso. Ndinatenga NFS, chinthu cha Sun Microsystems cha mu 1984, chachikulu kuposa ine koma chikugwirabe ntchito osadandaula. Inayamba yandikana ndithu, Permission denied, chifukwa NFS mwachibadwa chake root, bwana wa kompyuta wamphamvu zonse, akachokera kunja imamutsitsa kukhala nobody, nambala 65534, munthu wopanda mphamvu ngakhale yopanga foda, mpaka utalowa mu TrueNAS nkuika Maproot User kukhala root. Kenako liwiro linkangoima pa 11 MB pa sekondi, kufufuza, ndi kebulo yomwe ndinakirimpa ndekha, gigabit imafuna mawaya onse 8 akhudze bwino, limodzi likalephera imatsika pa 100 Mbps yomwe imangofuna mawaya 4. Nditasintha kebulo zinakwera kufika cha mma 110 ndipo mtima unakhala pansi.

Tsiku lomwe live migration inatheka ndinaitana madam kuti adzaone. Ndinati yang'anani apa, VM iyi ili pa seva yoyamba, ndiisamutsa ikuyaka chonchi, chodutsa pa kebulo ndi RAM yokha disiki siisuntha. Ndinadina, patapita masekondi pang'ono yafika kwinako, ping, kauthenga koyesera ngati makina akuyankha, osaduka olo pang'ono. Madam anayang'ana sikirini, anayang'ana ine, "Ndiye chachitika nchiyani?" Ndinati palibe chachitika, ubwino wake ndi umenewo. Anati, "Mayunitsi akutha pa sabata chifukwa cha palibe chachitika?" nkubwerera kukhitchini.

Chinthu chikakoma umafuna zonse zipite komweko. Ndinasamutsira ma VM onse pa NAS, osasiya olo imodzi pa disiki ya seva. Pi-hole nayo inapita, ndipo Pi-hole imeneyi nthawi imeneyo ndinali nditaipatsa udindo wina, ndinathimitsa DHCP, yogawa maadiresi a pa netiweki, pa rauta kuti iyo ndi imene izigawa ma IP address kwa aliyense mnyumba, mafoni, TV, laputopu, ndi DNS yomwe, yomasulira maina a mawebusaiti kukhala maadiresi. Lease, nthawi yomwe chipangizo chimasunga adiresi chisanapemphenso, ndinaichepetsa kufika ola limodzi pomwe ndinkayesa zinthu ndipo inatsala choncho. Maseva a Proxmox adiresi yawo umailemba pamanja poika pulogalamu, siisintha, koma TrueNAS imayamba ndi kupempha adiresi pa DHCP, ine ndinangoisungira adiresi yothera ndi .20 mu Pi-hole nkumadzitama kuti zonse zili pamalo amodzi mwadongosolo.

Kenako kunabwera apongozi kuchokera ku Ntcheu, mayi ake a madam, nkhani ya chinkhoswe cha alamu anga omwe ali ku Johannesburg. Loweruka mmawa panayenera kukhala video call ya pa WhatsApp, alamu kumeneko, amalume ena ku Blantyre, apongozi kuno, kukambirana za tsiku ndi ndalama. Ndinawauza madam kuti awafotokozere amayi kuti makina a mchipindamo asawakhudze, ati ndawauza. Zomwe anawauza ndinadzazimva pambuyo pake, anati "zinthu za bambo a mwanazi musazilabadire", zomwe si chimodzimodzi olo pang'ono.

Usiku apongozi anagona ndi mafani atatu akulira ndi timagetsi tobiriwira ta pa switchi tikuphethira, anapirira mpaka cha mma 10, kenako anachita zomwe munthu aliyense wanzeru amachita asanagone, anathimitsa soketi ya pakhoma. Mmawa mwaulemu wawo anaiyatsanso kuti mwini wake asadandaule.

Ine ndinadzutsidwa ndi mwana, "Adadi WiFi ikukana." Ndinati thimitsa uyatsenso. Foni ya madam nayo yakana, TV yakana, laputopu yanga yadzipatsa yokha adiresi yoyamba ndi 169.254, imene ukaiona umangodziwa kuti yafuula pa netiweki palibe wayankha. Ndinailembera adiresi pamanja, kutsegula Proxmox pa port 8006, seva yoyamba ilipo, koma pa dzina la NAS pali chizindikiro chotuwa cha funso ndipo ma VM onse ali gone. Ndipamene zinandilowa bwinobwino. NAS yayaka, ikupempha adiresi kwa Pi-hole, Pi-hole singadzuke chifukwa disiki yake ili mu NAS, ndipo NAS singapezeke chifukwa ilibe adiresi. Zili ngati wakhoma nyumba ndi loko makiyi ali pa tebulo mkatimo ukuwaona pa windo. Ndinati bho, ndingoyatsa DHCP pa rauta, mphindi imodzi yatha. Rauta ikufuna pasiwedi. Pasiwedi ili mu manotsi aja, manotsi ali mu VM, VM ili kuti mukudziwa kale.

Njira inatsala imodzi, kulumikiza monita ndi kiyibodi pa NAS penipenipo nkuilembera adiresi pamanja. Monita yakale ya VGA inali pamwamba pa wadiropu mchipinda momwemo. Ndinanyamuka kulunjika kuchitseko, madam anandigwira malaya. "Mukupita kuti?" Ndati kukakonza. "Mulowe mogona amayi? Zovala zawo zili pabedi, iwo ali momwemo akupaka mafuta miyendo, mwapenga?" Ndinati nanga muwapemphe atuluke pang'ono, anangondiyang'ana osayankha, ndipo nanenso nditalimva funsolo mkamwa mwanga ndinaona kuti mkamwini satulutsa apongozi mchipinda chifukwa cha IP address. Ndinati ndiye lowani ndinu. Ati ine ndili ndi mbatata pamoto, zidole zanuzo ine ayi, ndipo mundipatse foni yanu ndigule bandulo pa mobile money yanu chifukwa call ili 9 koloko.

Anatsala mwana wa Sitandade 4. Ndinagwada pakhonde la mkati, chitseko chotsegula pang'ono, nkhope kuyang'ana kumbali mwaulemu, kupereka moni kaye, mwadzuka bwanji apongozi, tadzuka kaya inu apongozi, kunyumba munasiya bwanji, mvula, chimanga, miyendo, zonse zinatha bwinobwino ndipamene ndinayamba ntchito.

"Tenga chingwe cha mutu wabuluu ulowetse kumbuyo kwa bokosi la pansi."

"Sichikulowa adadi."

"Tembenuza."

"Chalowa koma kamodzi kapindika."

Ndinatseka maso. Mwamwayi sikirini inayaka, yofiirira pang'ono koma yowerengeka. TrueNAS ikayaka imaonetsa mndandanda wa manambala, woyamba ndi wokonzera netiweki, ndinati dina wani kenako Enter. Mwana anadina, koma kiyibodi anali atailowetsa pa kompyuta ya pamwamba. Tinayambiranso. Pofika polemba adiresi mpamene panavuta, ine ndikuti wani naini thuu doti wani sikisi eyiti, iye akulemba koma mmalo mwa doti, ndikufuula kuti kadontho, kadontho kopanda mchira, ndiye ndinamva bedi likulira, apongozi adzuka, atenga magalasi awo owerengera Baibulo, akoka mpando nkukhala pafupi ndi mdzukulu wawo.

"Apongozi, nenani pang'onopang'ono, mwanayu mukumusokoneza."

Kuyambira pamenepo ine ndinkatchula, apongozi nkubwereza mokweza ngati sindikumveka, mwana nkudina, apongozi nkuwerenga zomwe zatuluka chilembo chimodzichimodzi. Titafika pa /24 anafunsa kuti kamtengo kopendekekaka kagwere kumanja kapena kumanzere, funso lomwe anzanga ena akuntchito safunsa nkomwe amangolakwitsa. Titamaliza ndinapinga .20 pa laputopu ndipo inayankha, chizindikiro cha funso chija chinachoka, NAS yabwera. ZFS sinataye kanthu ngakhale inathimitsidwa mwadzidzidzi, poti siilemba pamwamba pa zakale, imalemba pena kaye kenako nkuloza kumeneko. Ndinathokoza apongozi, iwo ati zikomo, ntchito yanu ndi imeneyi eti, ndinati eya, ati ooh.

Ndinadina Start pa Pi-hole. Yakana, cluster not ready, no quorum. Kuyang'ana bwino seva yachiwiri ili ndi kachizindikiro kofiira, siinayake. Maseva a Proxmox ukawamanga pamodzi amavota, aliyense voti imodzi, ndipo kuti chilichonse chichitike pamafunika mavoti oposa theka, ndiye pa awiri oposa theka ndi awiri omwewo, mmodzi akasowa winayo amangokhala manja lende, olo VM yake yomwe sayatsa. Anthu amaika kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kuti kakhale voti yachitatu, ine ndinkati ndidzagula mwezi wa mawa kuyambira chaka chatha.

"Dina batani la kompyuta ya pakati."

"Ndadina, siikuyaka."

"Ona ngati pulagi yake ili pa ekisitenshoni."

Kunakhala kaye chete. "Pali chaja ya agogo."

Apongozi anayankha okha mosatekeseka, ati mabowo onse anali odzaza ndiye ndinazula chimodzi, zinthu zitatu zofanana ndinaona kuti chimodzi chikhoza kupuma, foni yanga inatheratu moto ndipo abusa amaimba Loweruka. Kenako anafunsa, "Ndichotse?" Inu amene munakwatira mukudziwa kuti funso limeneli yankho lake ndi limodzi. Ndinati ayi ayi apongozi, isiyeni idzaze, palibe changu. Ndinabwerera pa laputopu nkulemba pvecm expected 1, kuiuza seva kuti lero voti yako yokha yakwana, lamulo lomwe aliyense amakuchenjeza kuti usamaliseweretse pa storage yogawana chifukwa maseva awiri atati alembe pa disiki imodzi nthawi imodzi zonse zimaonongeka. Koma ine ndinali ndi chitsimikizo choposa cha data centre iliyonse kuti seva inayo siidzuka, pulagi yake inali pansi, pamalo pake pali itel ya mabatani ikutchaja.

Pi-hole inayaka, mafoni anayamba kulira mauthenga ogona, nthawi ili cha mma 9:40. Call inali itayamba kale pa bandulo ya ndalama zanga, madam anagula yaikulu ya mwezi wonse, ati poti sitikudziwa kuti palibe chachitika wanuyo atha liti. Apongozi anatuluka kukakhala pa mkeka kutsogolo kwa foni, alamu akufunsa kuti mwachedwa bwanji amayi, iwo ati tinali pa ntchito, makina a apongozi anafa ndiye timawadzutsa ine ndi mdzukulu wangayu, eni ake anali panja. Amalume aku Blantyre anafunsa kuti makinawo amapanga chiyani, mwina nkutithandiza pa chinkhoswe, kusindikiza makadi kapena nyimbo. Madam anatembenuzira foni kwa ine kuti ndiyankhe ndekha. Ndinayamba kufotokoza za live migration, ndili pakati amalume anati chabwino, ndiye inu mudzagula nkhuku.

Madzulo ake DHCP inabwerera pa rauta, Pi-hole inabwerera pa disiki ya seva, mapasiwedi ndinawalemba mu kope la mwana lotsala masamba, ndipo ndinapita mtauni kukagula ekisitenshoni yatsopano ya mabowo asanu yokhala ndi surge protector kuti apongozi azitchajira foni osakhudza yanga. Mwana ndi amene anakaipereka. Lachiwiri akunyamuka ndinawanyamulira chikwama mpaka ku depoti, pokweza mu minibasi zipi inatseguka pang'ono ndipo ndinaona chingwe chake chitakulungidwa bwinobwino mu chitenje pambali pa shuga ndi sopo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, ati mphatso ija ndalandira apongozi, pa Khirisimasi ndibweranso ndi achemwali anga, iwonso ali ndi foni.