Lipoti la ulendo wa ku Hiraizumi: mbalame zamkuwa za ku Chūson-ji

Loweruka lapitali, ife a gulu la Amalawi amene tikuphunzira kuno ku Japan tinakwera sitima ya Shinkansen ku Tokyo mpaka ku Ichinoseki, kenako ina yaing'ono inatitula ku Hiraizumi. Kachisi wa Chibuda wa Chūson-ji ali pamtunda, moti tinafika tili wefuwefu, titadutsa pansi pa mitengo italiitali yonga mikungudza.

Anthu ambiri amapitira Konjikidō, kanyumba kokutidwa ndi golide kamene Fujiwara no Kiyohira, wolamulira dera limeneli kalelo, anamanga mu 1124. N'kokongoladi, ndipo m'munsi mwa guwa lake muli apikoko osulidwa pamkuwa. Koma ine mtima unatsalira ku Sankōzō, nyumba yosungiramo chuma cha kachisiyu.

Mmenemo muli zokongoletsa zopachika zotchedwa keman. Chiyambi chake ndi nkhata za maluwa enieni zimene anthu a ku India ankapereka popembedza. Poti duwa silichedwa kufota, amisiri anayamba kuzipanga ndi mkuwa wopakidwa golide. Ndinaima pa imodzi mpaka anzanga anandisiya. Mkuwawo anauboolaboola n'kusanduka maluwa oyangayanga, pakati pali chingwe chomanga mfundo, nachonso chamkuwa, ndipo uku ndi uku kwaima mbalame ziwiri zoyang'anizana. Kumtunda ndi munthu wa nkhope yofatsa ndi manja ake, kumunsi ndi nthenga, mapiko ndi miyendo ya mbalame. Dzina lake ndi karyōbinga, ku India ankati kalavinka. Achipembedzo cha Chibuda amati imakhala m'dziko loyera la Buda wotchedwa Amida, ndipo mawu ake ndi okoma kwambiri moti imayamba kuimba ikadali m'dzira.

Bambo anga anali mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula, choncho ndimadziwa mmene chizulo chimatererera pachitsulo. Nthenga iliyonse pamenepo ili ndi mizere yakeyake, ndipo sindinaone pamene dzanja linaphonya.

Wotiperekeza atatifotokozera za Kiyohira, tonse tinangoti zii. Bambo ake anaphedwa pankhondo iye ali mwana, ndipo pankhondo ina anatayanso mkazi ndi ana. Kachisiyu anamumangira mizimu ya onse ofa pankhondozo, osasankha mnzake kapena mdani, mpaka mbalame, nyama ndi nsomba zomwe. Nditamva izi ndinabwereranso kwa mbalame zija kachiwiri.

Kujambula zithunzi m'katimo n'koletsedwa, ndiye keman ija ndinaijambula ndi pensulo m'kope langa. Amene simunapite nawo mudzaiona pamsonkhano wathu wa mwezi wamawa.