Tayala lophwa ndi chomwera cha mabowo pa msewu wa Pony Express

Tayala lakumbuyo linaphwa cha m'ma 11 koloko m'mawa, ndipo mlandu wake ndi wa alamu anga. Ndikulemba poyera kuti akawerenga ku South Bend komwe amakhalako adziwe kuti sindinaiwale. Ndi iwo amene anati tisiye msewu waukulu wa miyala tilowe kanjira kolunjika kuphiri, ati mahatchi am'tchire amakonda kubisala kuseri kwa zitunda. Ankayankhula ngati anakulira nawo, chikhalirecho ndi mwana wa ku Chilomoni amene ngakhale bulu sanamukwerepo.

Linali Loweruka lina mu Seputembala 2025. Tinanyamuka ku Salt Lake City, mzinda wa ku Utah m'dziko la America, mbandakucha pa galimoto yahayala, kudzera ku Lehi, Eagle Mountain ndi Fairfield, cholinga chathu chili ku Simpson Springs, komwe kumayendayenda mahatchi opanda mwini a m'mapiri a Onaqui. Njira yake ndi ija ankadutsa anyamata a Pony Express mu 1860 ndi 1861, kuthamangitsa makalata pa hatchi kuchokera ku St. Joseph ku Missouri mpaka ku Sacramento m'masiku 10. Bizinesiyo inangokhala miyezi 18, waya wa telegalafu n'kuilanda msika. Mukafuna kupitako thirirani petulo ku Eagle Mountain, ndipo muthire yodzadza. Mukadutsa Faust phula watha, kwatsala makilomita pafupifupi 40 a fumbi ndi miyala, netiweki ya foni nayo imangobwera ikafuna.

Pakanjira ka alamu kaja panali geti. Si geti lachitsulo ayi, koma mizere inayi ya waya waminga yomangirira ku kamtengo, kamene umakakoleka pa nsanamira. Alamu anatsika, analimbana nalo, n'kuligwetsa pansi. Ndinati, "Alamu, titseke." Iwo amvekere, "Tibwerera pompano, tizivutikiranji kawiri?" Ine, amene ndinaweta ng'ombe za agogo ku Ntcheu mpaka Sitandade 7, ndinangoponda mafuta. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Titayenda pang'ono tinafika pa malo amene poyamba ndinayesa dzala. Pansi pali waliwali ndi makoko a zipolopolo, amkuwa ang'onoang'ono ndi apulasitiki ofiira ndi obiriwira, ochuluka ngati makoko a mtedza pamalo posendera. Mabotolo osweka paliponse. Filiji yoyera itaimikidwa patsinde pa chitunda, yabowokabowoka ngati sefa. TV yopanda galasi, silinda ya gasi yong'ambika pakati. Ndikutembenuza galimoto kuti tithawepo, kachitsulo kena kosongoka kanalowa m'mbali mwa tayala, mpweya n'kungoti fyuu.

Sipeya inalipo, kaja kakang'ono ngati ka wilibala. Jeke analipo. Sipanala yomasulira manati munalibe. Kampani yobwereketsa magalimotoyo sinditchula dzina, koma tsopano ndimatsegula buti ndisanasaine pepala lililonse, ndipo inunso muzitero. Tinakhala pamenepo kupitirira ola, dzuwa likuswa mtengo kumene kulibe ndi mtengo womwe, alamu akukweza foni m'mwamba ngati akudalitsa chipululu. Chapatali kunkamveka phaa, phaa, phaa, kenaka zii, kenaka n'kuyambiranso. Aliyense wa ife ankanamizira kuti sakumva.

Kenaka kunatulukira chilole chakale chonyamula thanki ya madzi. Anatsikamo bambo wachikulire, khungu la pakhosi lochita makwinya ndi dzuwa, chipewa chothimbirira ndi thukuta. Moni sanapereke. Funso lake loyamba linali lakuti, "Wasiya geti lija pansi ndani?" Lachiwiri sanafunse ndi pakamwa, anangosuzumira m'galimoto, mpando wakumbuyo ndi m'buti, kufunafuna mfuti. Anapezamo kamera, botolo la madzi ndi kontena ya mandasi amene mayi a kunyumba anatikazingira usiku.

Ndinapepesa. Ndinamuuza kuti kwathu ndinali mbusa, ndipo kusiya khola lotsegula unali mlandu wogona nawo ndi njala. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, n'kufunsa kuti ng'ombe zake zinali zingati. Nditati 11 anaseka koyamba, n'kupita kukatenga sipanala. Manati anamasula yekha, osalola kuti timuthandize. Ndalama anakana. Anangoti ngati tikufuna kulipira, timutsatire tikamugwirire ntchito ya mphindi 20.

Kuseri kwa chitunda chomwecho kunali chomwera ng'ombe, chithanki chozungulira cha malata, chofika m'chiuno. Pansi pozungulira panali matope, m'katimo madzi ofika m'kakolo basi. Ng'ombe zingapo zinaima chapatali, zikutiyang'ana ndi maso aja ng'ombe yaludzu imayang'ana nawo munthu. M'mbali mwa chomweracho munali mabowo asanu ndi limodzi atsopano, atatu polowera chipolopolo, atatu potulukira, malata atapindikira kunja ngati duwa. Ndipo kuzungulira thanki yonseyo kunali mitu ya mabawuti, ina yadzimbiri, ina yonyezimira. Ndinawerenga mpaka 30 n'kuleka. Bawuti iliyonse ndi bowo lakale.

Mkuluyo anatulutsa chitini cha khofi chodzadza mabawuti, mawashala ndi tizidutswa ta chubu cha tayala todula mozungulira. Amamenya kaye malata opindikawo ndi hamala kuti agone, n'kulowetsa bawuti yokhala ndi labala uku ndi uku, wina agwire kunja wina amange m'kati. Alamu ndi amene analowa m'thankimo, atavula nsapato zawo zoyera za ulendo, matope mpaka m'mawondo. Apa mtima wanga unakhalako pansi. Ndinakumbuka mmene agogo ankamatira ndowa ndi pulasitiki wosungunula, kungoti ndowa ya agogo inkabowoka ndi ukalamba, osati ndi munthu wofuna kumva kulira kwa malata.

Akumanga mabawutiwo ndi pamene anayamba kuyankhula, ndipo atayamba sanafune kuleka. Madzi amachita kuwatunga kutali ndi lole. Ng'ombe yoyamwitsa kukatentha imamwa malita oposa 50 patsiku, ndiye thanki ikabowoledwa Loweruka iye n'kubwera Lachiwiri, amapeza ng'ombe zikulira, zina zitaswa mpanda kukasaka madzi. Anati anapezapo thole litafa ndi bala la chipolopolo, ndipo wolipira palibe chifukwa palibe anaona. Koma chimene chimamusowetsa tulo ndi moto. Chipolopolo chokhala ndi chitsulo chikamenya mwala chimathetheka, ndipo udzu wina wobwera umene amautcha cheatgrass umauma msanga n'kuyaka ngati wathiridwa palafini. Malo akapsa, kawirikawiri ziweto zimaletsedwa kudyapo kwa nyengo ziwiri za mmera kuti msipu ubwerere, ndiye mlimi agule udzu wa mabelo kapena agulitse ng'ombe.

Za motozi si nkhambakamwa. Mu Juni 2012 anthu owombera chandamale anabutsa moto pafupi ndi Saratoga Springs, kumadzulo kwa nyanja ya Utah Lake, umene unatentha maekala oposa 5,000 n'kuthawitsa anthu masauzande m'nyumba zawo. Amautcha Dump Fire. Kumapiri a Lake Mountains komweko boma linadzatseka malo ena kuti anthu asamawomberereko, chifukwa china n'chakuti zithunzi zogoba pamiyala zimene anasiya eni nthaka akalekale zinayamba kusanduka chandamale. Taganizani munthu akuyesera mfuti pa zojambula za ku Chongoni.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti malo amenewa si a mkuluyu. Ndi a boma la dziko lonse, ndipo amawayang'anira ndi a Bureau of Land Management, BLM mwachidule. Ali ndi maekala pafupifupi 245 miliyoni, ambiri ali kumadzulo kwa America. Mu Utah mokha ali ndi maekala oyandikira 23 miliyoni, omwe ndi pafupifupi mtunda wonse wa Malawi mutachotsa nyanja. Mlimi amangokhala ndi chiphaso chodyetserapo ziweto, kawirikawiri cha zaka 10, dongosolo limene linayamba ndi lamulo la Taylor Grazing Act la 1934. Thanki ndi yake, ng'ombe ndi zake, mpanda amakonza ndi iye, koma nthaka ndi ya aliyense. Wa mfuti ali ndi ufulu wofika pomwepo, ine wa kamera chimodzimodzi. Mkuluyo sanakane zimenezi. Anangoti, "Aliyense ndi mwini wake Loweruka. Lolemba mwini wake ndimatsala ndekha."

Tinamusiyira mandasi anayi. Anadya limodzi pomwepo, n'kunena kuti likuchepa shuga.

Mahatchi tinawaona madzulo, gulu lalikulu ndithu, pafupi ndi Simpson Springs. Ndi okongola, koma pa kasipeya kaja mtima unali pa tayala, ndiye zithunzi ndinajambula zisanu zokha. Pamalopo pali kanyumba kamiyala komangidwanso potengera siteshoni yakale ya Pony Express, ndi malo ogona m'matenti olipira pang'ono. Pa malo ambiri a BLM m'chipululumo mutha kumanga tenti ulere mpaka masiku 14. Madzi nyamulani anu, ochuluka kuposa amene mukuganiza.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndinakaimvera ku Tooele, pogula tayala. Linandidya madola 170, ndipo chonde musandiwerengere m'makwacha. Mnyamata amene ankaliika atamva komwe taponchera anagwedeza mutu, n'kunena kuti iyenso amawombera kuchipululu komweko pafupifupi sabata iliyonse, ndi mwana wake wamkazi wa zaka 12. Zinyalala zija amazidziwa, eni ake amazitcha trigger trash, ndipo iye ndi anzake amapita ndi matireyila kukatola kangapo pachaka. Wowombera thanki ya ng'ombe anamutchula dzina limene sindingalembe pano. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola, ndi mmene ndinamumvera.

Koma nditangoti mlimi uja ndi womvetsa chisoni, mnyamatayo anaika chitsulo pansi. Anandifunsa ngati mkuluyo anandiuza ndalama zimene amalipira boma podyetsa ziweto pamalopo. Sanandiuze. Chaka chimenecho inali dola imodzi ndi masenti 35 pamwezi pa ng'ombe ndi mwana wake, kapena pa nkhosa zisanu. Mtengo umenewu ndi wotsikitsitsa umene lamulo limalola kuyambira 1986, ndipo pa msipu wa munthu wamba amalipira kuchulukitsa kakhumi ndi kupitirira. Pamene iye, pa bokosi lililonse la zipolopolo ndi pa mfuti yaitali iliyonse pali msonkho wa 11 peresenti, umene kuyambira pa lamulo la Pittman-Robertson la 1937 umapita kosamalira nyama zakutchire. Ndiye ndani akudyera mnzake? Anawonjeza kuti alimi ena amakhoma loko pa njira yopita ku malo a boma, kapena kupachika chikwangwani choletsa kulowa pamalo pamene si pawo.

Apanso sananame. Ku Wyoming, m'mbali mwa njanji ya Union Pacific, malo anagawidwa ngati bolodi la drafuti m'zaka za m'ma 1860, bokosi ili la kampani ya njanji, ili la boma. Lero mabokosi a boma ambiri azunguliridwa ndi minda ya anthu, amangokhudzana pangodya. Alenje anayi a ku Missouri anafika pa Elk Mountain mu 2021 ndi makwerero opinda, n'kudumpha pangodya kuchoka pa bokosi la boma kupita pa linzake osaponda dothi la mwini famu. Mwini famuyo, Fred Eshelman, anawasumira kudzera ku kampani yake, ati adutsa mumpweya wa pamwamba pa malo ake. Mu Marichi 2025 khoti la apilo la ku Denver linagamula mokomera alenjewo, ndipo chigamulocho chimagwiranso ntchito ku Utah. Mlandu wa mpweya! Agogo akanamva akanati azungu zawatopetsa n'kukhuta.

Pobwerera usiku alamu anagona, ine n'kumalingalira za dambo la kwathu. Nakonso ndi malo a aliyense, ndipo mikangano yake ndi yomweyi: anyamata atentha tchire posaka mbewa, moto wadya msipu ndi udzu wofolerera, eni ng'ombe akwiya. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu pofika madzulo mudzi wonse umakhala utadziwa kuti machesi anali ndi mwana wa uje, ndipo m'mawa mwake nkhani ili pabwalo kwa amfumu, chindapusa nkhuku kapena mbuzi. Kuno wobowola thanki amachokera mu mzinda wa makilomita 100, sadziwa nkhope ya mwini ng'ombe, ndipo sadzabweranso pa chitunda chomwecho. Alonda ovala yunifolomu oyang'anira maekala 245 miliyoni aja alipo mahandiredi ochepa chabe. Ine ndimapendekera kwa mlimi, mwina chifukwa ndinamva fungo la matope aja, koma za dola ndi masenti 35 akanandiuza yekha ndikanamulemekeza koposa.

Za geti lija. Titamaliza kumata thanki mkuluyo anatiuza kuti titsogole, iye atsatira. Tinadutsa, iye n'kudutsa, kenaka anaimitsa lole patsogolo pang'ono osatsika. Lamulo la kumeneko ndi lakuti geti ulisiye mmene walipezera, lotseka likhale lotseka, lotsegula likhale lotsegula. Kutseka geti la waya kumafuna nzeru: umayamba walowetsa tsinde la kamtengo m'kagoli ka pansi, n'kukumbatira nsanamira ndi phewa, kukoka mpaka kagoli ka pamwamba kalowe. Ife sitinkadziwa. Tinalimbana nalo anthu awiri akuluakulu, waya n'kundicheka pachikhatho, alamu akutukwana m'Chichewa cha ku Chilomoni chimene sindinachimvepo chichokereni kumudzi. Nthawi yonseyo ndinkaona chipewa chija pa galasi la m'mbali la lole, chili phee. Kagoli katalowa anatulutsa dzanja pawindo, n'kukweza zala ziwiri, lole n'kunyamuka.