Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Zogwirira za mapuleni akale

Nditapuma ntchito ya uphunzitsi n'kukhazikika kuno ku Kasungu, monga ndinafotokozera m'gawo lapitali, ndinamanga kashedi ka malata kuseri kwa nyumba kuti ndizikhomeramo mipando ndi matebulo. Zipangizo zambiri zimene ndinayamba nazo zinali za malemu amalume anga, amene anagwira ukalipentala pa esiteti ina ya fodya cha ku Santhe m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene maesiteti ankatsegulidwa ochuluka m'boma lino. Pakati pa zipangizozo panali puleni yachitsulo yopalira matabwa ya Stanley nambala 5, yotalika mainchesi 14, imene chitsulo chake chinali chabwinobwino koma chogwirira chake chakumbuyo chinali chitathyoka pakati, ndipo amalume anachimanga ndi mphira ya tchubu cha njinga.

Mapuleni a mtundu umenewu anachokera kutali. Kapangidwe kake n'ka Leonard Bailey wa ku America, amene anagulitsa luso lakelo ku kampani ya Stanley ya mumzinda wa New Britain, m'chigawo cha Connecticut, m'chaka cha 1869. Ambiri amene ndawaona kuno ndi opangidwa ku Sheffield, ku England, kumene Stanley inayamba kupangirako zipangizo mu 1937, ndiponso a Record, opakidwa utoto wobiriwira ngati thambo, amene anayamba kupangidwa mumzinda womwewo mu 1931. Ena anabwera ndi amishoni ndi eni maesiteti, ena anabwera m'masutikesi a abale athu pochokera ku Joni, ku Halale ndi kumigodi ya ku Kitwe. Chitsulo chake, malinga ngati sichinagwe pansi n'kung'aluka, chimatha kutumikira mibadwo itatu, koma mtengo wa chogwirira sufika kumeneko.

Chifukwa chimene chogwirira chimathyokera chili m'mene anachidulira. Mitsempha ya thabwa imayenda chogona, kutsata utali wa puleni, pamene chogwiriracho chimaima chopendekera kutsogolo, kotero kuti pakhosi pake, pamene pali popyapyala, mitsempha yake ndi yaifupi kwambiri. Chimene chimachilimbitsa ndi kachitsulo katali kodutsa m'kati mwake kuchokera pamwamba mpaka pansi, kokhala ndi nati yamkuwa kumutu. Natiyo ikangomasuka pang'ono, chogwirira chimayamba kugwedera, ndipo mmisiri akamakankha pathabwa lolimba mphamvu yonse imathera pakhosi paja mpaka kusweka. Kanyanga kapamwamba, kamene kamatsamira pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kamathyoka puleni ikagwa pabenchi.

Chogwirira choyamba ndinachisema cha puleni ya amalume ija. Mmisiri wina wa pamsika, amene ndinkagula kwa iye zidutswa za matabwa, atachiona anachigwira nthawi yaitali, kenaka anati, "Aphunzitsi, ineyo ndili ndi ziwiri zimene zangokhala m'bokosi, mungandikonzereko?" Umo ndi mmene ntchitoyi inandipezera. Mbiri inafika kwa anzake a ku Chamama, ku Mtunthama ndi ku Nkhamenya, ndipo mapuleni anayamba kubwera atakulungidwa m'matumba a feteleza, ena omangidwa ndi waya, ena okhomedwa misomali, ena opanda chogwirira n'komwe. Zinandikhudza mtima kuona kuti anthu aluso chotere ankapala matabwa tsiku lonse ndi chipangizo chowatulutsa matuza m'manja, ndipo ena anali atasiya puleni yabwino n'kugula yatsopano yotsika mtengo ya zogwirira zapulasitiki, imene mpeni wake suchedwa kubuntha.

Nkhani ya mtengo ndiyo ndinaiganizira kwambiri. Mapuleni akale a ku America ankakhala ndi zogwirira za rosewood wa ku Brazil, mtengo umene malonda ake pakati pa mayiko analetsedwa mu 1992 chifukwa unatsala pang'ono kutha. M'bale wake kuno kwathu ndi phingo, umene osema ziboliboli amaudziwa bwino, koma ndi wolemera ndi wouma kwambiri, ndipo chidutswa chachikulu chopanda mng'alu n'chosowa. Paini wa ku Chikangawa ndi malaina ndi zofewa, nati imalowa m'kati mwa thabwa pakangopita miyezi yochepa. Mbawa amasemeka bwino ndipo ndimamugwiritsa ntchito pa mapuleni aang'ono, koma mtengo umene ndinakhazikika nawo ndi mlombwa, chifukwa sufota kapena kutupa kwenikweni nyengo ikamasintha. Zimenezi n'zofunika kuno kumene chinyezi cha mu Febuluwale ndi kuuma kwa mu Okutobala zimasiyana kutali: chogwirira cha mtengo wofota chimene mwachimanga bwino nthawi ya dzinja chimakhala chikugwedera pofika chilimwe. Mlombwa watsopano sindigula, popeza mitengo imeneyi yatha kale m'nkhalango zathu zambiri. Ndimafunafuna mafelemu a zitseko zakale ndi miyendo ya mabedi othyoka, matabwa amene anauma zaka makumi angapo zapitazo, ndipo mwendo umodzi wa bedi umatulutsa zogwirira zingapo.

Kasemedwe kake kali ndi dongosolo limene silifuna kudumphidwa. Ndimayamba ndi chidutswa chokhuthala pafupifupi inchi imodzi, n'kujambulapo chithunzi cha chogwirira chakale pamodzi ndi mzere umene kachitsulo kaja kadzadutse. Bowo ndimaboola chidutswacho chikadali cha ngodya zinayi, ndisanadule chilichonse, chifukwa pamenepo ndi pamene chimagwirika bwino m'vayisi ndipo mzere umaoneka mbali zonse. Ndimaboola kuchokera kumwamba mpaka pakati, kenaka kuchokera pansi, kuti mabowo awiriwo akumane, ndipo kumwambako ndimakulitsa pang'ono kuti nati yamkuwa ikhale mobisala osakanda chikhatho. Nambala 4 imamangidwa ndi kachitsulo kamodziko basi, pamene nambala 5 ndi zina zazikulu zili ndi kasikuluu kena kakafupi kutsogolo kwa phazi la chogwirira. Eni mapuleni ndimawachenjeza kuti asataye tizitsulo timeneti ngakhale titachita dzimbiri, pakuti mazinga ake sagwirizana ndi a mabawuti amene amagulitsidwa m'mahadiweya masiku ano.

Bowo likatheka ndimadula maonekedwe ake ndi sowo yaing'ono, kenaka ntchito yeniyeni imayamba, ya tupa ndi sandipepa. Apa m'pamene ndimasiyana ndi fakitale. Fakitale inkasema chogwirira chimodzi cha dzanja la aliyense, koma ine ndimapempha mwini puleni kuti abwere chisanathe, achigwire monga amagwirira pantchito, zala zitatu zitazungulira ndipo chamkombaphala chitaloza kutsogolo, andiuze pamene pakumupweteka. Amisiri athu ambiri anakulira pa khasu ndipo zikhatho zawo n'zazikulu, choncho ndimasiya mimba ya chogwirira yonenepa kuposa yakale, ndipo khosi ndimalisiya lokhuthalako kuti lisathyoke msanga. Malire ake ndi akuti mutu wa chogwirira usagunde kachitsulo kowongolera mpeni kumanja ndi kumanzere, ndiponso chala chizifikabe pa kagudumu kamkuwa kotsitsira mpeni. Chogwirira chakutsogolo, chimene chimakhala chozungulira, ndimachiveka pabawuti n'kuchizunguza ndi makina obowolera magetsi akakhalapo, ndipo akazima ndimachisema ndi tchizulo pang'onopang'ono. Vanishi sindipaka, chifukwa dzanja likatuluka thukuta amaterera ndipo pakapita nthawi amasendeka. Ndimapaka mafuta a linseed kangapo, kulola kuti alowe ndi kuuma, ndipo mlombwa umatuluka wofiirira bwino.

Malipiro a ntchitoyi sanakhalepo aakulu, ndipo amisiri ena ankandilipira ndi zidutswa za matabwa akale kapena nkhuku m'malo mwa ndalama, zimene ndinkalandira mokondwa popeza matabwawo ndiwo ndinkawasowa. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire wa ku Chamama amene ndinamukonzera Record nambala 7 yotalika mainchesi 22, anabwera ndi mdzukulu wake amene anasiya sukulu ali Fomu 2, n'kundipempha kuti mnyamatayo azikhala nane m'shedi kuti aphunzire kugwira tupa. Ndinavomera, ndipo za mmene tinayambira naye ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.