Zikomo nonse amene simunandithawe pamene ndinkadwala fistula

Abale anga, amayi anzanga ndi nonse ondidziwa, ndikufuna ndithokoze poyera. Ndabwerako ku Lilongwe kumene ndinapita kukaonedwanso ku chipatala cha Bwaila, ndipo adokotala anena kuti bowo limene linali pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera latsekeka. Ambiri a inu munkangomva kuti ndikudwala. Ena munkangodabwa kuti ndasowa ku tchalitchi, pamaliro ndi ku banki m'khonde. Matenda ake anali fistula, mkodzo unkangotuluka wokha usana ndi usiku. Ndawatchula dzina kuti mudziwe kukula kwa zimene anthu amene ndiwathokoze panowa anandichitira.

Zinayamba pa mimba yanga yoyamba. Matenda a kubereka atayamba mwana sanatsike, ndipo tinachedwa kunyumba, tinachedwanso podikira galimoto yoti itichotse pa chipatala chaching'ono. Pamene tinkafika pa chipatala chachikulu n'kuti mwana atatisiya kale. Ndisanamalize n'komwe kulira, ndinayamba kudzuka pamphasa ponyowa. Anamwino a ku Bwaila ndi amene anadzandifotokozera bwino chimene chinachitika. Mutu wa mwana ukakanirira nthawi yaitali m'chiuno, umapanikizira chikhodzodzo ndi mnofu wa njira yoberekera pa fupa. Magazi safikanso pamalopo, mnofuwo umafa n'kuyoyoka, ndiye pamatsala bowo pomwe mkodzo umadutsira. Kwa amayi ena bowolo limakhala kumbuyo, moti chimbudzi nachonso chimatulukira komweko. Kwathu kuno mayi akachedwa kuchira anthu amathamangira kunena kuti anayenda ndi amuna ena, aulule kaye kuti mwana abadwe. Mawu amenewa ananenedwa pa ine, ine ndili pa ululu. Chikhulupiriro chimenechi chikupha ana ndi kulumaza amayi, chifukwa nthawi imene anthu akufunsa mayi mayina ndi nthawi imene akanakhala ali pa msewu.

Amene sanadwalepo sangadziwe kuti tsiku la munthu wotaya mkodzo limayenda bwanji. Zitenje zanga zakale zonse ndinazing'amba kukhala nsanza zovala mkati. Ndinkadzuka kusanache kukachapa kuti anthu asandione, n'kuyanika kuseri kwa bafa. Nthawi ya mvula sizinkauma, ndiye ndinkavala zachinyezi, ndipo m'ntchafu munatuluka zilonda zonyeka ngati wakuthira tsabola. Pa mphasa ndinkayala pepala la pulasitiki. Sopo wa mwezi wonse ankatha sabata isanathe. Ambiri a ife timachepetsa kumwa madzi poganiza kuti mkodzo uchepa, koma umangokhala wofiirira, fungo n'kukula, zilonda n'kuonjezeka. Bizinesi yanga ya mandasi inafa yokha, palibe anandiuza kuti ndisiye, anthu anangosiya kugula. Mu minibasi munthu wokhala nane pafupi ankatsegula windo n'kutembenukira kunja, ndipo sindinkamuimba mlandu, koma ndikatsika ndinkalira. Pamaliro a achibale ndinkafika, kukhala chapatali pang'ono, n'kuchoka msanga, anthu n'kumati ndine wonyada.

Oyamba kuwathokoza ndi apongozi anga, amayi obereka amuna anga. Achibale ena atayamba kuwanong'oneza ana awo kuti apeze mkazi wina, iwo anakana pamaso pa onse. Anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mtsikanayu wavulala pofuna kutiberekera mdzukulu. Tsiku lina atandipeza ndikuchapa mumdima, sanandifunse chilichonse. Anangokhala pansi, kukoka beseni, n'kuyamba kuchapa nawo nsanzazo ndi manja awo. Kuyambira pamenepo ankanditungira madzi ku mjigo kuti ndisakaime pamzere, ndipo akagulitsa nyemba ankayamba agula kaye sopo. Amayi, munthu wamkulu ngati inu kuchapa zinthu zotere za mpongozi wanu, ine ndilibe chokubwezerani. Mulungu akusungeni.

Abambo a kunyumba, zikomo. Ine ndi amene ndinasamuka pa mphasa yathu chifukwa cha manyazi, inu simunandithamangitse. Ndikudziwa kuti kwa anzanu munamva zambiri. Mu wodi ndinakumana ndi amayi ambiri amene amuna awo anawabweza kwawo mwezi usanathe, ndiye ndikudziwa kuti zimene munachitazi si onse amazichita.

Achemwali anga, munkanditumizira ndalama pafoni za matewera a akuluakulu pamene ndinali ndi ulendo wofunika, chikhalirecho inunso muli ndi ana asukulu. Matewerawo ndi okwera mtengo, sakanatheka tsiku lililonse, koma ndi amene anandifikitsa ku Lilongwe osachita manyazi m'basi.

Ndithokozenso alangizi a zaumoyo a m'dera lathu. Nkhani yoti matendawa amachizika ndinaimva koyamba pa wailesi chakumapeto kwa mwezi wa Meyi, popeza pa 23 Meyi ndi tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira nkhondo yothetsa fistula. Koma kumva pa wailesi n'kwina, kunyamuka n'kwina. Alangiziwa anabwera kunyumba pamodzi ndi mayi wina wa mudzi woyandikana nafe amene anadwala zaka zambiri kuposa ine n'kuchira. Mayiyo anakhala pa mkeka wathu nthawi yaitali tikucheza, ndipo atadzuka anandiuza kuti ndiyang'ane pamene anakhala. Panali pouma. Mayi inu, mukudzidziwa, ulendo wanga unayambira pa mkeka umene uja.

Amayi a Chigwirizano, munasonkha ya thiransipoti popanda kundifunsa mafunso ambiri, ndipo amayi busa anasunga chinsinsi changa mpaka lero pamene ndachiulula ndekha. Zikomo kwambiri.

Tsono a ku Bwaila. Malo othandizira amayi a fistula pachipatalapa anatsegulidwa mu 2012 ndi bungwe la Freedom From Fistula, limene anayambitsa mayi Ann Gloag a ku Scotland, mogwirizana ndi boma lathu. Sindinalipire ngakhale tambala imodzi, kuyambira kuyezedwa mpaka opaleshoni. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti namwino woyamba kundilandira sanakwinye nkhope kapena kugwira mphuno. Anandigwira dzanja n'kunena kuti takulandirani mayi. Poyeza anathira madzi a mtundu wa buluu m'chikhodzodzo kuti aone pomwe akutulukira, ndipo adokotala anandijambulira papepala pomwe pali bowo ndi mmene adzasokere. Pa opaleshoni anandibaya jakisoni wa kumsana, ndinali maso koma osamva ululu. Kenako ndinakhala ndi kachubu kotulutsira mkodzo pafupifupi masabata awiri kuti chikhodzodzo chipume, posokedwapo papole. Nthawi yonseyi anamwino ankatikakamiza kumwa madzi ambiri, ife amene tinazolowera kuwathawa. Tsiku lochotsa kachubu aliyense mu wodi amakhala ndi mantha, ndipo ukaimirira osanyowa, amayi onse amalulutira, ngakhale amene zawo sizinayende bwino. Madokotala, anamwino, okolopa, ochapa zofunda ndi ophika, ntchito yanu ndi yolemetsa ndipo mumaigwira mwaulemu. Zikomo.

Potuluka anandipatsa malamulo amene ndawasunga: kusagona ndi abambo kwa miyezi ingapo, kusasenza katundu wolemera, kulera kaye, ndipo ndikadzakhalanso woyembekezera ndidzayambe sikelo msanga, ndikadikirire kuchipatala, ndi kuchira kudzera mu opaleshoni kuti posokedwa paja pasang'ambikenso. Anaitananso amuna anga n'kuwauza zomwezi pamaso panga, ndipo ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa malamulo oterewa mayi payekha sangawasunge.

Pali china chimene ndikufuna amayi anzanga mumve. Bowo litatsekeka, timadontho tinkatulukabe ndikatsokomola kapena kuyetsemula. Ndinachita mantha kuti zabwereranso, koma anamwino anati ili ndi vuto lina, la minofu yogwira mkodzo imene yafooka. Anandiphunzitsa kuifinya ngati mmene umachitira pogwira mkodzo kapena mpweya, kugwira pang'ono, kumasula, n'kumabwereza tsiku lililonse, kaya ndili chogona kaya ndikusenda mbatata. Pang'ono ndi pang'ono zasintha. Nditawafotokozera zimenezi amayi anga ondibereka, anakhala chete kenako anati iwonso akhala akudonthetsa chibadwire mng'ono wanga womaliza, akaseka kwambiri kapena akamatula ndowa pamutu. Zaka zonsezi sanauzepo munthu, ankati ndi mmene amakhalira mayi wobereka ana ambiri. Amayi oterewa alipo ambiri pakati pathu, amavala zitenje ziwiri, amakhala kumbuyo m'tchalitchi pafupi ndi khomo. Nawonso thandizo lilipo. Nthawi zina vuto limakhala matenda a m'chikhodzodzo ofuna mankhwala chabe, nthawi zina ndi minofu, nthawi zina ndi chiberekero chotsika. Pitani mukawauze anamwino momveka, sadzadabwa. Amayi anga apita kale, ndinawaperekeza ndine.

Omaliza kuwathokoza ndi anzanga a mu wodi. Tinachokera kosiyanasiyana, ena ku Mangochi, ena ku Mzimba, ena anaoloka malire kuchokera ku Mozambique. Panali agogo amene anakhala ndi vutoli kuyambira ali mtsikana, osadziwa kuti limasokedwa. Panalinso ana aang'ono, amene pamsinkhu wawo anayenera kukhala ali m'kalasi, pamene malamulo a dziko lino kuyambira mu 2017 amaletseratu ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ndikawakumbukira mtima umandipweteka, chifukwa chiuno cha mwana sichinakhwime kuti chibereke. Tinkagawana chakudya, kulukana tsitsi ndi kupempherera aliyense wolowa ku fiyeta.

Mmodzi wa atsikanawa, amene bedi lake linali pafupi ndi langa, sanachire pa opaleshoni yoyamba chifukwa bowo lake linali lalikulu. Ndi iye amene ankandigwirira thumba la mkodzo ndikamaphunzira kuyendanso, ndipo tsiku limene ine ndinauma anandikumbatira akumwetulira, iye ali chinyowere. Tinalankhulana pafoni dzana, akuti amuitananso mwezi wamawa. Chonde nonse amene munandipempherera ine, mumupempherere nayenso, ndipo amene angathe kuthandizapo ya basi andiuze, ndikamupatsira ndine.