Chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kuno ku Joni

Amalawi ambiri akangoyamba kudziphikira kuno ku Johannesburg amadandaula chimodzimodzi: nyemba zatha maola atatu pa sitovu, mayunitsi a magetsi apita, koma ukazitsina zidakali gwa. Ena amati vuto ndi nyemba za kuno, ena amanamizira madzi a pampopi. Nyemba zokhalitsa zimavutadi, koma gwero lalikulu ndi lakuti mzindawu uli pamalo okwera kwambiri, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Lilongwe ndi Blantyre zangopitirira pang'ono mamita 1,000, ndipo nyanja ya Malawi sifika n'komwe mamita 500.

Mpweya watizungulirawu uli ndi kulemera kwake, ndipo umapanikiza chilichonse, ngakhale madzi a mumphika. Madzi amawira pamene nthunzi yapeza mphamvu zokankha mpweya umenewo n'kutuluka. Ku Durban, m'mbali mwa nyanja, mpweya ndi wochuluka, choncho madzi amayenera kutentha mpaka madigiri 100 kuti awire. Mukamakwera mtunda mpweya umachepa, ndipo pa mamita 300 alionse madzi amawira atatsala ndi digiri imodzi. Kuno amawira pa madigiri 94. Munthu wa ku Mangochi anazolowera madzi owira pa 98, n'chifukwa chake amadabwa kuposa wa ku Dedza, amene kwawonso n'kokwera.

Chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: madzi akayamba kuwira satenthanso kuposa pamenepo. Kukweza sitovu mpaka pa nambala yomaliza sikufulumizitsa nyemba. Moto wonse wowonjezerawo ukungosandutsa madzi nthunzi, mphika n'kuuma, inu n'kuthira madzi ozizira amene akubwezanso kutentha m'mbuyo. Ndi ndalama zimene zikuuluka pamenepo. Zikawira mphindi 10 zoyamba, tsitsani moto kuti zizingobwadamuka pang'onopang'ono, vindikirani bwino, ndipo owonjezera akhale madzi otentha a m'ketulo.

Ntchito yeniyeni imayamba dzulo lake. Viikani nyemba usiku wonse, maola 8 mpaka 12, m'madzi ochuluka katatu kuposa nyembazo. Thirani supuni yaikulu imodzi ya mchere pa malita awiri a madzi. Ndikudziwa tinakula tikumva kuti mchere umalimbitsa nyemba, koma madzi a mchere amafewetsa khungu lake. Chimene chimalimbitsa ndi zowawasa: tomato ndi mandimu. Asidi amagwira zomatira za m'khungu la nyemba kuti zisasungunuke, motero tomato alowe nyemba zitapsa kale. M'mawa tayani madzi oviikirawo, ikani ena, ndipo mphindi 10 zoyamba ziwire mwamphamvu, makamaka nyemba zofiira, zimene zili ndi poizoni wotsegula m'mimba amene amafa ndi kuwira kotere.

Nyemba zikakhala zakale, soda amathandiza monga momwe chidulo chimafewetsera ndiwo kumudzi. Kota ya tiyisupuni pa theka la kilogalamu yakwana. Mukapyola apo zimamveka sopo, zimaphwanyika, ndipo vitamini B1 amawonongeka.

Amene angathe, agule mphika wa presha. Umatsekera nthunzi mkati, kupanikiza kumakwera, madzi n'kutentha kupitirira madigiri 110, ndipo nyemba zoviika zimapsa m'mphindi 15 kapena 20 kuchokera pamene mphika wayamba kulira. Mazondo, nthumbwana ndi nkhuku ya chikuda, imene kuno amati hardbody, zimafewanso msanga momwemo. Nyemba ndi madzi zisapitirire theka la mphika, chifukwa thovu ndi makungu zimatseka kabowo kotulukira nthunzi. Labala wa pachivindikiro akang'aluka nthunzi imathawira m'mbali, mphika umangokhala wamba. Ndipo musaukakamize kutseguka kachitsulo ka pamwamba kasanatsike; nthunzi imeneyo imawotcha koopsa.

Nsima sivuta kwenikweni, poti ufa umapsa madzi asanafike n'komwe pa 94. Ingolisiyani phala liwire mphindi zingapo zowonjezera musanayambe kuthira ufa wothyakulira. Dzira lowiritsa lionjezereni mphindi imodzi kapena ziwiri.

Kwa ochita geni ya mandasi ndi masikono nkhani imatembenuka: kuno ufa wokanda umatupa msanga, chifukwa mpweya woupanikiza ndi wochepa. Mukatsatira muyeso wa kumudzi, keke imafufuma kwambiri mu uvuni kenako n'kuphwa pakati. Chepetsani baking powder ndi kota ya muyeso wanu, onjezani supuni imodzi kapena ziwiri za mkaka chifukwa madzi amauma msanga, ndipo ufa wa yisiti musauyese ndi wotchi. Ukangotupa kuwirikiza kawiri, dulani muyambe kukazinga.