Aneneri a m'mabuku a kutha kwa dziko amaoneka zilombo msanga kwambiri

Mabuku a achinyamata awa oti dziko lapasuka ine ndimawakonda, sindibisa. Kaya ndi mliri wapululutsa anthu, kaya nyanja yasefukira n'kumiza mizinda, basi kamtsikana ka zaka 16 katsala ndi mlongo wake wamng'ono, chikwama kumsana, foni inathima kalekale, akungoyenda kusaka madzi. Ndiye ukafika pakati pa buku umadziwiratu chikubwera: mpanda, geti, anthu ovala zoyera akumwetulira, ndi bambo wina amene akuti zonsezi anazilota zisanachitike.

Apa nde pamene olemba ambiri amandibowa. Mneneri wawoyo amangotulukira maso ali psuu, mawu onong'ona, woti olo mwana wa zaka 5 angathawe, kamtsikana kathu n'kuzindikira tsamba lomwelo kuti apa pali chinyengo, ena onse mu kampumo ngati alibe mitu. Zikanakhala zophweka choncho bwenzi magulu otsatira aneneri onyengawa kulibe. Jim Jones, mlaliki wa ku America, asanatengere anthu ake ku dziko la Guyana, mpingo wake wa Peoples Temple unkadyetsa osauka, kusamalira okalamba, akuda ndi azungu ankapemphera limodzi ku America nthawi imene zimenezo zinali zosowa. Anthu ankalowa chifukwa cha zimenezo. Pa 18 November 1978 anthu oposa 900 anafa ku Jonestown, mudzi wawo wa ku Guyana, ndi chakumwa chothira poizoni wa cyanide, ena atamwa okha ena mokakamizidwa, ndipo pafupifupi 300 anali ana.

Ine ndimafuna kampuyo indikope kaye inenso owerenga. Taganizani, mtsikana uja wayenda milomo yachita kung'aluka, sinanga masiku atatu opanda madzi thupi limakhala layamba kale kugonja, mlongo wake akutsegula m'mimba maso alowa m'kati, akamutsina khungu la pamimba silikubwerera. Pa geti mayi wina sakufunsa zambiri, watenga lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni ya mchere, akumumwetsa pang'onopang'ono usiku onse mpaka m'mawa mwana uja wapempha chakudya. Madzulo ake mayi yemweyo akubwera mwaulemu kudzatenga mpeni wake ndi nsapato, akuti kuno zonse ndi za tonse mwanangu, komanso mlongo wakoyu azigona ku nyumba ya ana. Ukana? Ukana bwanji munthu woti wakupulumutsira m'bale wako dzulo dzuloli?

Koma mutu umene ndimaudikira kwambiri, ndipo olemba amauthamangira kapena kuudumpha kumene, ndi wa m'mawa uja tsiku la ulosi litadutsa dzuwa n'kutuluka ngati kale. Mu 1954 mayi wina wa ku Chicago, Dorothy Martin, ananena kuti pa 21 December kubwera chigumula ndipo okhulupirira adzatengedwa ndi chombo chochokera kumwamba. Leon Festinger ndi anzake ofufuza za maganizo a anthu analowetsa anthu awo m'gulumo, ndipo malinga ndi zomwe analemba, anthu anakhala pabalaza atachotsa chitsulo chilichonse pa zovala, mpaka mazipi, akuyang'ana wotchi. 12 koloko ya usiku yakwana, zii. Kutatsala pang'ono kucha mayiyo anati walandira uthenga woti chifukwa cha chikhulupiriro chawo dziko lakhululukidwa. Ena anachoka, koma ena anagwiritsitsa, ndipo n'zomveka, munthu wasiya ntchito, wakangana ndi abale, avomere lero kuti zonsezo zinali zachabe?

Ija inathera pa manyazi basi. Ya ku Kanungu ku Uganda inathera pa moto. Gulu lachipembedzo la Joseph Kibwetere ndi Credonia Mwerinde linkati dziko litha pa 31 December 1999, anthu anagulitsa minda ndi ziweto n'kupereka ndalama. Chaka cha 2000 chitalowa bwinobwino ena anayamba kufunsa za katundu wawo, atsogoleri n'kuika tsiku lina, 17 March. Tsiku limenelo tchalitchi chinayaka anthu ali m'kati, zitseko ndi mawindo zitakhomedwa, kenako apolisi anapezanso mitembo ina yokwiriridwa m'malo ena a gululo, onse pamodzi oposa 700. Miyezi iwiri ndi theka imeneyo, kuyambira January mpaka March, ndi buku lathunthu palokha, mwana akuona mayi ake akunong'onezana ndi anzawo, amene anafunsa mafunso dzulo lero sakuoneka ndipo akuti anasamutsidwa. Ndipo si zakale ayi, mu 2023 ku nkhalango ya Shakahola kufupi ndi Malindi ku Kenya anafukula mitembo yoposa 400 ya otsatira a m'busa Paul Mackenzie, ndipo mboni zinati ana ndi amene ankayenera kuyamba kusala kudya mpaka kufa.

Nchifukwa chake kwa ine mwini nkhani wabwino ndi mwana wobadwira m'kati momo, osati mlendo wongofika pa geti. Mlendo amadziwa za kunja, akhoza kufananitsa. Wobadwira momo nyimbo zimene amazikonda ndi za momo, amene anamuphunzitsa kuwerenga ndi a momo, akadumpha mpanda wasiya mayi ake ndipo mumtima akukhulupirirabe theka kuti mwina mneneri akunena zoona. Zachikondi zija zoti anyamata awiri akulimbirana mtsikana m'modzi dziko likupsa, aaa, tazisiyeni, ndimangotsegula masamba mwachangu.

China chimene chimandinyansa, mabuku ambiri kunja kwa mpanda amadzazako achifwamba ndi odya anzawo okhaokha, aliyense wokumana naye panjira akufuna kukubaya chifukwa cha chitini cha nyemba. Olembawo sazindikira kuti akumuthandiza mneneri, pajatu ulaliki wake onse wagona pamenepo, woti kunjaku anthu asanduka zilombo ndiye khalani momuno muzimvera. Chonsecho pa ngozi zenizeni, zivomerezi kaya madzi osefukira, oyamba kufukula anzawo ndi manja amakhala oyandikana nawo nyumba, opulumutsa anthu asanafike n'komwe.

Olo ana okhaokha sasanduka zilombo chisawawa. Mu 1965 anyamata 6 a ku Tonga anatopa ndi sukulu yogonera konko, anatenga boti la munthu n'kuthawa, mphepo inawononga botilo ndipo anayandama masiku 8 mpaka kukafika pa kachilumba kopanda anthu ka 'Ata. Anakhalapo miyezi 15. Anagawana ntchito awiriawiri, anayatsa moto n'kumausamala kuti usazime, akayambana ankapatukana kaye mpaka mitima itsike, wina atathyoka mwendo anzake anaumanga ndi timitengo mpaka unapola. Mu 1966 Peter Warner wa ku Australia akudutsa ndi boti lake anawapeza onse 6 ali moyo. Kwawo anali atawalira kale maliro, ndipo atangofika apolisi anawatsekera chifukwa mwini boti lija anali asanaiwale.